Chisankho cha m'madistirito chinathera kuti?

Atsogoleri a kalabu andipempha kuti ndilankhulepo pa nkhani imene timaimva kawirikawiri pa wailesi, ya kusintha malamulo a chisankho ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene pa Chipwitikizi amati Constituição. Nkhaniyi ndi yaikulu, sitingaimalize lero. Ndasankhapo mbali imodzi yokha imene ikutikhudza ife a kuno ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, ndiyo chisankho cha m'madistirito. Chisankho chimenechi chinalonjezedwa, chaka chake chinalembedwa m'malamulo aakulu, koma voti sitinaponye. Tione mmene zinayendera, kuti tsiku lina akadzabwera otifunsa maganizo tisadzangowomba m'manja.

Poyamba tidziwe kuwerenga kwa ku Nyumba ya Malamulo ku Maputo, chifukwa nkhani yonse yagona pa manambala. M'nyumbamo muli aphungu 250. Lamulo wamba limadutsa ndi mavoti ongoposa theka. Koma kuti asinthe malamulo aakulu pamafunika magawo awiri mwa atatu, ndiye kuti aphungu 167. Palinso chotchinga china: akasintha malamulo aakulu, ayenera kudikira zaka zisanu asanawagwirenso. Akafuna kufulumira zaka zisanu zisanakwane, pamafunika magawo atatu mwa anayi, aphungu 188. Manambala awiriwa, 167 ndi 188, muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku. Ndipo ganizo lililonse lisanafike povoteredwa ndi aphungu onse limayamba ladzera m'makomiti. Komiti yoyamba ndi yoona za malamulo aakulu ndi ufulu wa anthu, ina ndi yoona za kayendetsedwe ka boma ndi maulamuliro a m'madera. M'makomiti mmenemo ndi mmene mawu amasemedwa. Zimene timamva pa wailesi tsiku lovota, kukuwizana kuja, nthawi zambiri nsima imakhala itapsa kale.

Tsono tibwerere ku 2018. Mukukumbukira kuti mfuti zinali zitayambanso kulira pakati pa dziko lino, ndipo kuno ku Tete abale athu ena anathawira ku Malawi mu 2015 ndi 2016. Chimodzi mwa zimene a Renamo ankadandaula chinali chakuti ngakhale apambane m'chigawo, governador amasankhidwa ndi Pulezidenti ku Maputo. A Filipe Nyusi ndi a Afonso Dhlakama anakambirana, ndipo mu Febuluwale 2018 kunalengezedwa kuti agwirizana. A Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi chaka chomwecho ku Gorongosa asanaone mapeto ake, koma aphungu a zipani zonse anavomereza kusinthako mwezi womwewo, lamulo n'kutuluka pa 12 Juni 2018.

M'kusinthako munali zinthu zingapo. Governador azichokera m'chisankho kuyambira 2019. Mtsogoleri wa munisipiyo, amene kale tinkamuvotera payekha ndi chithunzi chake, azikhala munthu amene ali pamwamba pa mndandanda wa chipani chopambana. Ndipo m'ndime 311 analembamo poyera kuti chisankho choyamba cha m'madistirito chidzachitika mu 2024. Ndiye kuti distirito iliyonse ikanakhala ndi msonkhano wake wa oimira anthu, ndipo administrador akanachokera pa mndandanda wopambana, osati kutumizidwa kuchokera kumwamba. Eetu, chaka chinalembedwa, osati pa kapepala wamba, koma m'malamulo aakulu.

Cha governador chinachitikadi mu Okutobala 2019, ndipo a Frelimo anapambana m'zigawo zonse khumi. Koma lamulo lomwelo linabweretsanso mkulu wina m'chigawo, Secretário de Estado, wosankhidwa ndi Pulezidenti. Chigawo chimodzi, akuluakulu awiri, aliyense ndi maofesi ake ndi magalimoto ake. Amene munapitako ku Tete kukatsata mapepala mukudziwa kuti nthawi zina munthu umasowa khomo logogoda.

Pofika 2022 akuluakulu a boma anayamba kufunsa poyera ngati dziko lingakwanitse chisankho cha m'madistirito. Mu 2023 boma linakhazikitsa komiti yoti iunike nkhaniyi, ndipo komitiyo inati zinthu sizinakonzeke. Apa ndi pamene manambala aja akubwerera. Pa chisankho cha 2019 a Frelimo anapeza mipando 184, a Renamo 60, a MDM 6. Mipando 184 ndi yoposa 167, koma siyikufika 188. Inaperewera inayi yokha! Choncho sakanatha kugwira malamulo aakulu zaka zisanu zisanakwane popanda thandizo la otsutsa, ndipo otsutsawo anakana. Anangodikira kuti 12 Juni 2023 adutse. Mu Ogasiti 2023 aphungu a Frelimo anavota okha, ndime 311 n'kusinthidwa. Chaka cha 2024 chinachotsedwa, m'malo mwake analembamo kuti chisankhocho chidzachitika zinthu zikadzakonzeka.

Mwamva bwino pamenepo? Sanafufute chisankho ayi. Chikadalimo m'malamulo. Anangochotsa chaka. Zili ngati munthu amene anakongola chimanga n'kulonjeza kuti adzabweza pokolola chaka chino, kenako n'kubwera kudzanena kuti, “Ngongole sindikuikana, ndidzabweza ndikadzapeza bwino.” Wakana kodi? Sanakane. Nanga mudzamuimba mlandu tsiku liti? Ndipo amene adzanene kuti tsopano zinthu zakonzeka ndani, lamulolo silinamutchule.

Ndisakhale wokondera, zifukwa zimene boma linapereka sizinali zopanda mutu. Dziko lino lili ndi madistirito 154. Uliwonse ukhale ndi msonkhano wake, mamembala olandira ndalama, nyumba yokumaniramo, ndalama zake n'zambiri, pamene zipatala zikusowa mankhwala. Ku Cabo Delgado kuli nkhondo imene inayamba mu 2017, ndipo m'madistirito ena anthu anathawa. Ndiponso ngati kukhala ndi akuluakulu awiri kwabweretsa chisokonezo pa chigawo, nanga pa distirito, pamene payeneranso kukhala woimira boma lalikulu pambali pa administrador wosankhidwa? Mafunso amenewa ndi oona. Chimene ine sindigwirizana nacho n'chakuti madistirito analipo omwewo mu 2018 pamene ankalemba chaka, ndalama zinali zosowa kale, nkhondo inali itayamba kale. Ngati 2024 inali pafupi kwambiri, bwanji osalemba 2029? Ngakhale 2034 bola, munthu n'kumawerenga zaka.

Taonani mmene zilili kwathu kuno. Munthu wokhala m'tauni ya Ulónguè amavotera munisipiyo kuyambira 2008. Msika ukamanunkha, madzi akamasowa, ali ndi wina woti adzam'kumbutse pa tsiku la voti. Mbale wake wa ku Dómuè, distirito yomweyo, chilankhulo chomwecho, alibe. Administrador amasankhidwa ndi nduna ku Maputo itamva maganizo a governador. Akhoza kukhala munthu wabwino ndi wakhama, ndipo ambiri ndi otero, koma amene angamuchotse ali kumwamba, ndiye maso ake ayang'ana kuti? Mlatho ukakokoloka, mbatata n'kumaola m'matumba podikira galimoto, mlimi amakadandaula kwa munthu amene sanamusankhe ndipo sangamuchotse.

Za makomiti oyendayenda si zachilendo. Kumapeto kwa 2010 Nyumba ya Malamulo inapanga komiti yapadera younika malamulo aakulu, motsogozedwa ndi a Eduardo Mulémbwè. A Renamo anakana kulowamo. Komitiyo inagwira ntchito zaka zingapo, inamva maganizo m'zigawo, koma chisankho cha 2014 chinafika palibe ndime imene yasinthidwa. Kusintha kwenikweni kunadzachokera kwa anthu awiri okambirana pa lamya. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa chogwirizana anthu awiri, mmodzi akapita chimatsala chopanda mwini.

Zimene zinachitika pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 sindikufuna kuzibwereza, tonse tinaziona ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Bungwe loyendetsa chisankho la CNE linapatsa a Daniel Chapo mavoti oposa 70 pa 100, Conselho Constitucional n'kudzatsitsa kufika pa 65 pa 100, a Venâncio Mondlane 24 pa 100. Pa 5 Malichi 2025 a Chapo ndi atsogoleri a zipani anasainirana pangano la zokambirana za dziko lonse, ndipo mu Epulo Nyumba ya Malamulo inalisandutsa lamulo. Panakhazikitsidwa komiti yotchedwa COTE, motsogozedwa ndi a Edson Macuácua, ndipo chakumapeto kwa 2025 inayamba kumva maganizo a anthu. Pa zimene inapatsidwa kuti iunike pali malamulo aakulu, malamulo a chisankho ndi kugawa mphamvu ku zigawo ndi madera. Koma dziwani ichi: komiti yotere siipanga lamulo. Imasonkhanitsa maganizo basi. Zonse zimakathera m'makomiti a aphungu aja, kenako pa voti. Ndipo chisankho cha 2024 chinapatsa a Frelimo mipando 171, a Podemos 43, a Renamo 28, a MDM 8. Werengani nokha, 171 ndi 167.

Tsono ife a m'makalabu tichite chiyani? Tili ndi wailesi, si chinthu chaching'ono. Mlendo aliyense wobwera kudzalankhula za kusintha malamulo, kaya ndi phungu, kaya wa komiti, kaya wa chipani chilichonse, tisamulole athere pa mawu okoma akuti mphamvu zipite kwa anthu. Mawu amenewo aliyense amawanena. Timufunse kuti chisankho cha m'madistirito akuchifuna kapena ayi. Akati akuchifuna, atiuze chaka, ndipo atiuze ngati adzavomera kuti chakacho chilembedwenso m'ndime ija. Akati sakuchifuna, anene poyera, afotokoze njira ina imene munthu wa ku Dómuè kapena ku Furancungo angachotsere mtsogoleri wosagwira ntchito. Timufunsenso kuti administrador wosankhidwayo adzakhala ndi thumba lake la ndalama kapena adzangokhala ndi mpando, chifukwa za akuluakulu awiri taziona kale.

Ndikupempha alembi a makalabu kuti yankho lililonse alilembe m'kaundula, dzina la woyankha ndi tsiku lake, ndipo ojambula mawu asafufute. Amayi a m'makalabu, funso ili ndi lanunso, musawasiyire abambo okha maikolofoni. Kalabu iliyonse ikambirane mafunsowa pa msonkhano wake wotsatira, ndipo zimene mwagwirizana mutumize ku wailesi kuti ziwerengedwe pa pulogalamu yathu.