Musanakwere ndege, funsani kaye: pepalalo lidzagwira ntchito kuno?

Amene simunabwere Loweruka, nawa mawu amene anatiyankhula achemwali athu a konkuno ku Chilobwe, amene anakachita digiri yachiwiri kunja. Tawalemba monga anayankhulira.



Mwandipempha kuti ndikambe za makosi amene munthu angakaphunzire ku mayunivesite a kunja. Chibwerereni changa, funso limene ndimalandira pa WhatsApp ndi limodzi basi: "Sisi, ndingapite bwanji kunja?" Wondifunsa kuti "ndikaphunzire chiyani?" sindinamuone. Ndiye lero titembenuze zinthu. Yambani ndi kosi, kenako sukulu, dziko lizibwera pomaliza.

Ndiyambe ndi munthu amene nonse mukumudziwa, Kamuzu Banda. Anamaliza udokotala ku Meharry Medical College ku Nashville, ku America, mu 1937. Dokotala weniweni, pepala lili m'manja. Koma dziko lino linali m'manja mwa Angerezi, ndipo lamulo lawo linkafuna pepala la ku Britain kuti munthu agwire ntchito ya udokotala m'mayiko amene ankalamulira. Anakayambanso sukulu ku Edinburgh, ku Scotland, n'kumaliza mu 1941. Zaka zinayi zapamwamba chifukwa cha funso limodzi: pepala limeneli akulivomereza ndani? Funso limenelo silinathe ndi atsamunda ayi. Lilipo mpaka lero, ndipo likudikira inuyo.

Tsono pali mafunso anayi amene ndikufuna muwalembe m'kope.

Loyamba: kosi imene ndikufunayo, kodi kuno kulibe? Ambiri timathamangira kunja zinthu zoti zili pa Chichiri pompa. Uinjiniya, za migodi, zojambula mapulani a nyumba ndi akawunti zili ku MUBAS, imene makolo athu amaitchulabe kuti Poly. Udokotala, unamwino ndi za mankhwala zili ku KUHeS, pafupi ndi Queens. Isanatsegulidwe College of Medicine mu 1991, Mmalawi aliyense wofuna udokotala ankayenera kutuluka m'dziko. Ngakhale udokotala wa mano, umene kwa nthawi yaitali unkaphunziridwa kunja kokha, unayamba kuphunzitsidwa mu Blantyre muno mu 2019. Ulimi ndi udokotala wa ziweto zili ku LUANAR, malamulo ali ku UNIMA ku Zomba, za nyengo ndi za ngozi zogwa mwadzidzidzi zili ku MUST ku Thyolo, zokopa alendo ndi za nkhalango zili ku Mzuni. Sindikuti musapite kunja. Ndikuti muzidziwa chimene mukukatenga kumeneko chimene kuno simungachipeze, kaya ndi kosi yakeyo, kaya ndi zipangizo, kaya ndi sikolashipu yolipira zonse.

Lachiwiri: MSCE yangayi ikandilowetsa pakhomo liti? Apa m'pamene ambiri amakhumudwa. Kuno, makirediti sikisi kuphatikizapo Chingerezi amakuyenereza kupikisana nawo pa malo a ku yunivesite za boma kudzera ku NCHE. Kunja sizili choncho kulikonse. Ku Britain, MSCE amaiona ngati O-Level, ndiye ngakhale mukhoze ndi mapointi 9, nthawi zambiri amafuna muwonjezere A-Level kapena chaka chokonzekera chija amati foundation. Ku South Africa nakonso MSCE payokha nthawi zambiri siikwanira kuyamba digiri, ndipo muyenera kukhala ndi chikalata cha Matriculation Board chosonyeza kuti maphunziro anu akufika pa mlingo wawo. Ku China, kosi ikakhala yophunzitsidwa m'Chitchaina, mumayamba mwakhala chaka chathunthu mukuphunzira chiyankhulo. Ku Japan, pa sikolashipu ya boma lawo ya MEXT, chimodzimodzi, chaka choyamba n'cha Chijapani. Zaka zimenezi muziziwerengeratu.

William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu uja, wopanga magetsi a mphepo, sanachoke kumudzi n'kugwera ku yunivesite ya ku America ayi. Anadzera kaye ku African Leadership Academy ku Johannesburg, kenako Dartmouth College, kumene anamaliza mu 2014. Makwerero amakwera limodzilimodzi.

Lachitatu, lomwe ndi la Kamuzu lija: ndikabwerako, adzandivomereza ndani? Pepala lililonse la kunja limafunika kuti a NCHE ku Lilongwe aliunike, aone ngati sukuluyo ili yovomerezeka kwawoko komanso ngati digiriyo ikufanana ndi yathu. Pamwamba pa apo, ntchito zina zili ndi alonda akeake. Dokotala sagwira wodwala asanalembetsedwe ndi Medical Council of Malawi. Namwino amadzera ku Nurses and Midwives Council. Wophunzira malamulo kunja sangofikira kukaimira anthu kukhoti, amayenera kudzera kaye ku Malawi Institute of Legal Education n'kukhoza mayeso. Ndipo pa malamulo pomwepa muganize bwino, chifukwa malamulo athu anachokera ku dongosolo la Angerezi, pomwe mayiko ngati Mozambique, China kapena Russia amayendera dongosolo lina. Makompyuta, masamu ndi sayansi zimawoloka malire mosavuta. Malamulo, udokotala ndi unamwino zimafunsidwa mapepala pachipata.

Lachinayi: alipira ndani, kwa zaka zingati, m'ndalama yanji? Ngongole ya Loans Board ija ndi ya ophunzira a m'mayunivesite a m'dziko muno, sikuperekezani kunja. Fizi ya kunja imalipidwa m'madola, m'marandi kapena m'mapaundi. Mukukumbukira Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti? Banja limene linkatumiza fizi kunja linadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama yomwe ija siikukwananso, mwana ali pakati pa chaka. Onjezani kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki. Choncho osangowerengera chaka choyamba. Werengerani zaka zonse, malo ogona, chakudya, inshuwalansi ya chipatala, viza ndi tikiti yobwerera.

Pali nkhani yabwino pang'ono. Mu 1997, mu Blantyre mommuno, atsogoleri a SADC anasainirana pangano la zamaphunziro. Linati mayunivesite azisungira ophunzira ochokera m'mayiko ena a SADC malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndiponso kuti pa nkhani ya fizi aziwatenga ngati eni dziko. N'chifukwa chake m'mayunivesite a boma ambiri ku South Africa Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi ya mwana wa konko, kungowonjezera kandalama kena ka alendo. Mukamalembera sukulu za m'chigawo chino, funsani za fizi ya SADC.

Nanga masikolashipu? Mvetsetsani apa, chifukwa mayina otchuka ambiri si a munthu wongomaliza Fomu 4. Chevening ya ku Britain ndi ya digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, imafuna digiri yoyamba ndi zaka ziwiri za ntchito, ndipo ukamaliza umayenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Ya Commonwealth ndi ya digiri yachiwiri ndi PhD. Ya Beit Trust, yomwe ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, nayonso ndi ya omwe ali kale ndi digiri. Tanthauzo lake n'loti khomo lalikulu lopitira kunja lili kuseri kwa digiri yoyamba ya konkuno. Ineyo ndinadzera khomo limenelo. Ndinkakwera minibasi pa msika wa Chilobwe m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi, kenako ndinagwira ntchito zaka zitatu, ndipo ndinakanidwa kawiri ndisanatengedwe.

Za digiri yoyamba ziliponso, koma mpikisano wake ndi woopsa. Mastercard Foundation imalipirira ophunzira anzeru ochokera m'mabanja osowa m'mayunivesite ngati Ashesi ku Ghana, kumene kuli za makompyuta, uinjiniya ndi bizinesi, komanso EARTH ku Costa Rica, kumene kuli zaulimi ndipo amaphunzitsa m'Chisipanishi. Boma la India limapereka ya ICCR, la China ndi la Japan nawonso amapereka zawo. Zonsezi zimalengezedwa poyera, pa masamba a akazembe awo ku Lilongwe ndi a sukuluzo. Palibe imene imagulitsidwa.

Ndabwerezatu mawu amenewo dala. Msuweni wanga wina anakumana ndi ejenti pa Facebook, zithunzi zake zokongola, nyumba zitalizitali, "sikolashipu ya zonse, malo atsala awiri". Amalume anagulitsa puloti. Atafika, anapeza kuti sikolashipu ija inali kuchotserako theka la fizi basi, malo ogona ndi chakudya n'zake, ndipo viza yake sinkamulola kugwira ganyu. Anapirira zaka ziwiri n'kubwerako wopanda pepala, puloti itapita. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anali mwana wanzeru kuposa ine. Chimene sanachite n'kulembera yekha ku sukuluyo kufunsa. Safunsa anadya phula.

Inu makolo, mwana akabwera ndi kalata yoti watengedwa, sangalalani, koma ndalama isatuluke musanaone zinthu zitatu: dzina la sukulu pa mndandanda wa sukulu zovomerezeka za dziko limenelo, kalata yonena momveka chimene sikolashipu ikulipira ndi chimene siikulipira, ndiponso yankho la NCHE kapena bungwe loyang'anira ntchitoyo kuno. Fizi izipita ku akaunti ya sukulu, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Pomaliza, ndibwerere ku funso loti mukaphunzire chiyani. Mukatuluka muno, tayang'anani phiri la Soche. Zipsera za Malichi 2023 zikuonekabe. Palibe pano amene Freddy sanamulande m'bale, mnzake wa m'kalasi kapena nyumba. Madzi, matope ndi miyala zitatsika, panafunika anthu odziwa za miyala ndi nthaka ya m'mapiri, za kayendedwe ka madzi, mainjiniya a ngalande ndi milatho, okonza mapulani a mizinda, a zanyengo, ndi aphungu othandiza anthu amene mitima yawo inasweka. Makosi onsewa alipo, ena konkuno, ena kunja pa digiri yachiwiri. Ndipo ndikuuzeni chinsinsi cha kalata yofunsira sikolashipu. Amene amaziwerenga atopa ndi mawu oti "ndikufuna kutukula dziko langa". Koma mwana wa ku Chilobwe akalemba zimene anaona usiku uja, n'kunena kosi imene akufuna ndi chifukwa chake, kalata imeneyo amaiwerenga mpaka kumapeto.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Aliyense alembe kosi imodzi, sukulu ziwiri za kuno zimene zimaphunzitsa kosiyo kapena yofanana nayo, ndi sukulu imodzi ya kunja. Pansi pake muyankhe mafunso anayi aja. Amene munalemba kale mayeso, katengeni satifiketi yanu ya MANEB kusukulu, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi za pa chiphaso cha unzika, chifukwa kalemba kamodzi kolakwika kamaimitsa pasipoti ndi viza. Loweruka likubwerali ndidzabweranso ndi laputopu, tidzakhale pansi tione mapepala anuwo limodzilimodzi. A Fomu 3, inunso mubwere, musadikire zotsatira.