Kacizindikiro Kopanda Batire Koyesa Kutentha

Mankhwala ambiri a katemera afunika kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8 a Celsius. Akatenthedwa panjira mphamvu yao imacepa, ndipo ena amaonongeka akaundana ndi cisanu. Mwana wobayidwa mankhwala otere makolo ace amayesa kuti wachinjirizidwa, pamene sizitero ai.

Cifukwa ca ici amisiri akonza kacizindikiro kopyapyala ngati pepala, kochedwa RFID, komata pabokosi la mankhwala. Kali ndi ziwalo ziwiri: kawaya kopindapinda kokola mafunde a wailesi, ndi kacipu kocepa ngati njere ya mcenga. Batire kalibe. Makina owerengera amatumiza mafunde, kawiri-kawiri a pakati pa 860 ndi 960 MHz, ndipo kacipu kamawasandutsa magetsi. Poyankha sikapanga mafunde aceace, koma kamabweza omwewo mosinthasintha, monga acitira mwana wobweza dzuwa ndi kalirole. Nzeru imeneyi anailongosola Harry Stockman m'caka ca 1948.

Bvuto lalikuru ndilo kucepa kwa mphamvu. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yofika pa kacizindikiro imatsala gawo limodzi mwa magawo anai. Imene kacipu kamalandira imawerengedwa mu microwatt, ndiye gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a watt. Cotero coyesera kutentha cikakhala cadyera, kacizindikiro kamamveka pafupi pokha.

Njira yotama amisiri ambiri ndiyo ya transistor, pakuti voteji yace imatsika pafupi-fupi mamilivoti 2 kutentha kukakwera digiri imodzi. Kacipu kamayesa kutsikako m'kanthawi kocepetsetsa, kamasandutsa muyesowo nambala, ndi kuzimitsa coyeseraco msanga. Popeza tiacipu sitibadwa tofanana ndendende, amatilinganiza ku fakitale pa kutentha kodziwika bwino. Citsulo ndi madzi nazonso zimasokoneza kawaya, ndipo mmisiri ayenera kudziwiratu pomwe kacizindikiro kadzamatidwa.

Komatu pali malire amene wosunga mankhwala sayenera kuiwala. Kacizindikiro aka kamadzuka pokha-pokha makina owerengera ali pafupi, akacoka, kagona. Lole ikafa pamseu masana onse, iko sikadzakumbuka kanthu, ndipo pofika kadzangonena kutentha kwa nthawi yomweyo. Wofuna mbiri ya ulendo wonse aike makina owerengera m'lole momwemo, kapena asankhe mtundu wina wokhala ndi batire laling'ono.