ASILIKARI A M'MWAZI NDI NTHENDA YA ECZEMA

M'mwazi wa munthu ali yense muli timaselo toyera, timene anthu atichula asilikari a thupi. Tibadwira m'kati mwa mafupa, ndipo m'kadontho ka mwazi kocepa ngati njere ya mapira mupezeka zikwi zambirimbiri. Nchito yao ndiyo kugwira tizirombo todzetsa matenda.

Pali nthenda ina imene madotolo aicha eczema. Khungu liuma, liyabwa ndi kung'aluka, makamaka popindika mikono ndi kuseri kwa maondo. Ambiri aganiza kuti mwazi wa wodwalayo ngwoipa, kapena kuti asilikari ace afooka. Si tero ai. Asilikariwo ali ndi cangu copitirira muyeso.

Mlandu uyambira pa khungu, limene liri ngati mpanda wa thupi. M'caka ca 2006 akatswiri a ku Dundee, m'dziko la Scotland, anapeza kuti odwala ambiri abadwa operewera filaggrin, cinthu comanga mpandawo. Cotero cinyezi cituruka, ndipo pfumbi ndi sopo zilowa m'ming'alu. Asilikari ochedwa T-cell ayesa kuti kwagwa nkhondo, naitana anzao. Enanso ochedwa eosinophil acuruka m'mwazi. Khungu litupa ndi kuyabwa. Wodwala akakanda, mpanda ugumuka koposa, ndipo mdani weniweni, kacirombo ka Staphylococcus, kalowa m'zironda ndi kubala mafinya.

Tsono cofunika ndico kukonza mpanda ndi kutontholetsa asilikari. Munthu wa nthendayi wogwira nchito mumgodi, kumene thukuta, pfumbi ndi girizi zinyansitsa khungu, ayenera kusamba ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi kudzola Vaseline thupi lisanaumitsitse. Mai wa mwana wodwala amuwenge zikhadabo. Cipambire 1952 madotolo apatsa mankhwala odzola a hydrocortisone, amene aziziritsa ukali wa asilikariwo. Koma atengedwe ku cipatala, pakuti mafuta oyeretsa khungu ogulidwa pamsika apyapyalitsa khungu. Kutema mphini sikucotsa kanthu m'mwazi, kungotsegulira tizirombo khomo.

Eczema sipatsirana monga mphere. Mwana woidwala asaletsedwe sukulu kapena kugona pamphasa imodzi ndi abale ace. Koma zironda zikacita mafinya, thupi ndi kutentha, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.