Mphunzitsi wa Chingerezi M'dziko la Eni: Nkhani ya ku Japan

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Julaye ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, ndege zimatsitsa achinyamata mazanamazana mumzinda wa Tokyo. Ambiri mwa iwo amakhala atangomaliza kumene maphunziro a ku yunivesite, ndipo amabwera kudzathandiza aphunzitsi a ku Japan kuphunzitsa Chingerezi. Ndondomeko imene imawaitana imatchedwa JET, ndipo boma la Japan lidaiyambitsa m'chaka cha 1987. M'chaka choyambacho mudafika anthu 848 ochokera ku America, Britain, Australia ndi New Zealand. Masiku ano amachokera kumaiko ambiri, kuphatikizapo South Africa.

Atakhala masiku ochepa mu Tokyo, aliyense amatumizidwa kumene adamukonzera, ndipo ambiri amapezeka ali m'timatauni ta kumapiri kapena pazilumba. Amafika ana ali patchuti, kunja kukutentha koopsa, motero sabata zoyamba zimathera pampando wa mu ofesi, pakati pa anthu olankhula chinenero chimene iye sakumva. Ntchito ya m'kalasi amaizolowera msanga. Chimene chimagonjetsa ambiri ndi kusungulumwa. Pangano la ntchito ndi la chaka chimodzi, ndipo munthu angathe kulionjezera mpaka zaka zisanu. Koma amafunsidwa maganizo ake m'nyengo yozizira, pamene dzuwa limalowa msanga ndipo mtima uli kwawo. Amene pofika nthawi imeneyi sadapeze njira zoyendera ndiponso anthu ocheza nawo, kawirikawiri amasankha kubwerera.

Ulendo woyamba umakhala wa ku ofesi ya boma ya m'deralo, pakuti lamulo limafuna kuti mlendo alembetse kumene akukhala pasanathe masiku 14. Pa ulendo umenewu ndi pamene munthu wophunzira bwino amadzipeza ali wosadziwa kuwerenga. Zilembo za kanji zimene boma lidavomereza m'chaka cha 2010 kuti zizigwira ntchito tsiku ndi tsiku zilipo 2,136. Wanzeru amayamba ndi zilembo zosavuta za hiragana ndi katakana, zimene mtundu uliwonse uli ndi zilembo 46, kenaka amaloweza maonekedwe a dzina la tauni yake ndi la sukulu yake, kuti akaliona pa basi alizindikire.

Mbiri ya sitima za pamtunda za ku Japan idamveka pa dziko lonse kuyambira m'chaka cha 1964, pamene sitima yaliwiro ya Shinkansen idayamba kuyenda pakati pa Tokyo ndi Osaka. M'mizinda ikuluikulu munthu amangogunditsa khadi pachipata n'kulowa, ndipo sitima zimabwera motsatizana. Kumidzi zinthu nzosiyana. Achinyamata adasamukira m'mizinda, okwera adachepa, ndipo njanji zina zidatsekedwa. Njanji ya Sankō, yotalika makilomita 108, imene inkalumikiza Gōtsu ndi Miyoshi, idaleka kugwira ntchito m'chaka cha 2018. Kumene sitima ikuyendabe, woiphonya angathe kudikira ola lathunthu kapena kuposerapo. Basi ya kumidzi ilinso ndi mwambo wake: wokwera nthawi zambiri amalowera khomo la kumbuyo, amatenga kapepala kokhala ndi nambala, ndipo potsika amalipira pafupi ndi dalaivala molingana ndi nambalayo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mlendo wochita manyazi kufunsa za kapepalaka amaima pakhomo thukuta lili kamukamu, anthu akumudikira kumbuyo.

Chifukwa cha ichi, njinga yakapalasa yokhala ndi dengu kutsogolo ndiyo imakhala bwenzi loyamba la mphunzitsiyu. Njingayo iyenera kulembetsedwa, kuti apolisi akamuimitsa adziwe kuti ndi yake. Wophunzitsa m'sukulu zinayi kapena zisanu zotalikirana amagula kagalimoto kakang'ono ka nambala yachikasu, kamene injini yake siposa 660 cc, chifukwa msonkho wake ndi wotsika. Magalimoto kumeneko amayenda kumanzere kwa msewu monga m'Malaŵi muno, koma chiphaso choyendetsera galimoto cha pakati pa maiko chimagwira ntchito chaka chimodzi chokha, ndipo pambuyo pake munthu ayenera kutenga cha ku Japan. Kuzigawo za kumpoto ayeneranso kuphunzira kuyendetsa pa chipale chofewa.

Tsono mayendedwe ndi macheza zimakumana paphwando la antchito lotchedwa enkai. Aphunzitsi amasonkhana madzulo kudya ndi kumwa, makamaka polandira anzawo atsopano ndi potseka chaka m'mwezi wa Disembala. Pamenepo munthu sadzithirira yekha chakumwa. Amathirira mnzake, ndipo mnzakeyo amamuthirira iye. Mphunzitsi wamkulu amene masana amaoneka woopsa, usiku umenewo amaseka ndi kuyesa Chingerezi chake chimene adachiphunzira kalekale. Wosamwa mowa sakakamizika, pakuti tiyi wozizira amakhalapo. Chofunika ndi kupezekapo. Koma asanapite, mlendo ayenera kudziwa m'mene abwerere. Malamulo oletsa kuyendetsa galimoto utamwa ndi okhwima, ndipo kuyambira m'chaka cha 2007 amalanganso wokwera nawo ndi wopereka mowawo. Ngakhale njinga siloledwa kwa woledzera. Nchifukwa chake kuli amalonda otchedwa daikō: amabwera madalaivala awiri, wina amayendetsa galimoto ya mwini wake kukamusiya kunyumba, wina akutsatira pambuyo.

M'mawa mwake, m'chipinda cha aphunzitsi, zonse za usiku sizitchulidwanso, ndipo alendo ambiri amakhumudwa poganiza kuti ubwenzi wa dzulo unali wachiphamaso. Si choncho ayi. Ubwenzi wa kumeneko umamangidwa pang'onopang'ono ndi tinthu tating'ono. Munthu amavula nsapato za kunja pakhomo la sukulu n'kuvala za m'kati. Amapereka moni mokweza polowa, ndipo potuluka amapepesa kuti watsogola anzake akadali pantchito. Akapita ulendo amabwera ndi bokosi la timakeke ta kumeneko, lotchedwa omiyage, n'kugawira aliyense pa tebulo lake. Amadya chakudya cha masana pamodzi ndi ana, ndipo nthawi yoyeretsa sukulu ikakwana, pakuti kumeneko ana ndiwo amasesa ndi kukolopa, iye amatenganso tsache. Aphunzitsi anzake amaona zonsezi ngakhale sanena kanthu. Ena amakhala chete chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, ena chifukwa choopa kulakwitsa Chingerezi pamaso pa mwini wake.

Pali msampha umodzi wokoma. Loweruka lililonse mlendo angathe kukwera sitima kukacheza ndi alendo anzake mumzinda, kumene amalankhula momasuka ndi kudandaula pamodzi. Macheza oterewa amapepuza mtima, koma amene amadalira iwo okha amatha chaka chonse osadziwa dzina la mnansi wake. Pafupifupi tauni iliyonse ili ndi holo ya anthu onse yotchedwa kōminkan, kumene kuli magulu a ng'oma, a masewera ndi a maphunziro a Chijapani. Pachikondwerero cha m'mudzi, kumene amuna ndi akazi amanyamula kachisi wamng'ono pamapewa, manja amasowa chifukwa achinyamata adachepa, ndipo mlendo wodzipereka amalandiridwa ndi manja awiri. Anzake a kunja kwa sukulu ndi ofunika pa chifukwa chinanso: m'mwezi wa Epulo, poyamba chaka cha maphunziro, aphunzitsi ambiri amasamutsidwa, ndipo amene ankamuthandiza angathe kuchoka mwadzidzidzi.

Zimenezi si zatsopano. M'chaka cha 1890 mlembi Lafcadio Hearn adapita kukaphunzitsa Chingerezi ku Matsue, njanji isanafikeko, ndipo adadutsa mapiri masiku angapo pa ngolo yokokedwa ndi munthu. Mphunzitsi mnzake, Nishida Sentarō, ndiye adamutsegulira makomo a tauniyo. Hearn adakhalako chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka, kuzizira kudamuthamangitsira ku Kumamoto, koma adakwatira Koizumi Setsu, adatenga dzina lakuti Koizumi Yakumo, ndipo nyumba imene ankakhala ku Matsue ikusungidwa mpaka lero.

Omvera a m'maboma ambiri adaonapo achinyamata a ku Japan amene akhala akubwera kudzagwira ntchito modzipereka m'Malaŵi kuyambira m'chaka cha 1971, m'sukulu ndi m'zipatala. Amene amakumbukika m'midzi ndi aja adaphunzira kupereka moni m'chinenero cha eni dera, adakwera minibasi ndi kukhala nawo pamaliro. Mphunzitsi wa Chingerezi ku Japan amayesedwa ndi muyeso womwewo, ndipo amene aukwanitsa, nthawi yofunsidwa ikafika, amalemba dzina lake kuti akhalenso chaka china.