Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Nyengo ya Mpira wa Volleyball m'Sukulu za ku Molumbo

 Ndikuthokoza chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa pondiitana kuti ndidzatsegulire nyengo ya masewerawa.

Molumbo anakhala boma loima palokha mu 2013, atachoka m'manja mwa Milange. Choncho dzina la boma lino pa masewera a m'sukulu tikulimanga ndife, ndipo olimanga ake ndi ana amene afola apawa. Mpira wa volleyball anauyambitsa ndi William G. Morgan mu 1895 ku Holyoke, m'dziko la America, ndipo unalowa m'masewera a Olympic mu 1964 ku Tokyo. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti sufuna zambiri: bwalo la mamita 18 m'litali ndi 9 m'lifupi, mitengo iwiri, ukonde ndi mpira. Ukonde wa akuluakulu umakwera mamita 2.43 kwa amuna ndi 2.24 kwa akazi, koma kwa ana aang'ono utsitseni kuti azisangalala pouwolotsa mpira.

Mawu anga lero akupita makamaka kwa inu aphunzitsi amene mukuyang'anira matimu. Pempho langa ndi limodzi: lembani dongosolo la chaka chonse mukadali pachiyambi pano. Ndaonapo timu ikusonkhanitsidwa kutatsala sabata imodzi kuti mpikisano uchitike. Ana anapita, anagonja, ena anabwerako zala zitabinya, ndipo chaka chotsatira anakana kusewera. Vuto silinali la anawo. Palibe mlimi amene amagalauza mvula itagwa kale n'kuyembekezera nkhokwe yodzaza.

Chaka chathu cha sukulu chili ndi zigawo zitatu, ndipo chilichonse chikhale ndi ntchito yake.

Chigawo choyamba chimatipeza mvula ili mkati, bwalo lili matope. Imeneyi ndi nthawi yosankha osewera, yolimbitsa matupi, ndi yophunzitsa zoyambira: kulandira mpira ndi mikono, kuukweza ndi zala, ndi kuuponya poyamba masewera. Mvula ikagwa musawabalalitse ana. Lowani nawo m'kalasi, jambulani bwalo pa bolodi, muwaonetse malo asanu ndi limodzi ndi m'mene osewera amasinthirana. Mwana aliyense amathamangira kudumpha kuti amenye mpira mwamphamvu, koma akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Timu yosadziwa kulandira siifika pomenya.

Chigawo chachiwiri, nthaka ikauma, ndiyo nthawi ya masewera enieni. Panganani ndi sukulu zoyandikana nazo, kuno ku likulu mpaka ku Corromana, muzikumana mwaubale mpikisano usanafike. Lembani masiku ake, ndipo mudziwiretu za mayendedwe, madzi akumwa ndi kamba wa panjira. Kumbukiraninso kuti miyezi imeneyi ndi yokolola chimanga ndi soya, ndipo kunyumba ana amafunika. Khalani pansi ndi makolo mugwirizane masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndi ola lowerukira, kuti atsikana azifika kwawo dzuwa lisanalowe. Masewera a m'sukulu m'dziko lathu la Mozambique amayambira pasukulu, n'kupita pa boma, kenako pa chigawo cha Zambezia, mpaka pa dziko lonse. Makwerero amenewa sakwereka ndi timu yokonzekera mothamanga.

Chigawo chachitatu chimabwera ndi dzuwa la Okutobala komanso mayeso. Chepetsani zolimbitsa thupi, sewerani kukazizira, ndipo amene akulemba mayeso muwamasule agwire mabuku. Nthawi imeneyi phunzitsani ana a m'makalasi a m'munsi, chifukwa akuluwa akamaliza sukulu, timu ya chaka chamawa ndi iwowo. Pomaliza lembani m'kope zimene zayenda ndi zimene zavuta, kuti ngakhale mutasamutsidwa, wobwera pambuyo panu apeze poyambira.

Inu makolo, timu imaloledwa kukhudza mpira katatu kokha usanawoloke ukonde: wina alandire, wina akweze, wina amenye. Kulera mwana n'chimodzimodzi. Inu mukapanda kulandira bwino, mphunzitsi alibe chokweza. Aloleni ana anu aakazi asewere. Maria de Lurdes Mutola anakulira ku Chamanculo mu Maputo akusewera mpira wamiyendo ndi anyamata, ndipo mu 2000 ku Sydney anapatsa dziko lino mendulo yagolide pa liwiro la mamita 800. Akanatsekeredwa kukhitchini, ulemu umenewo sitikanauona.

Inu ana anga, fikani pa nthawi yake, mverani aphunzitsi anu, ndipo mnzanu akalakwitsa mulimbikitseni, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Wojomba m'kalasi asayembekezere malo m'bwalo.

Mafumu athu, tithandizeni kuteteza mabwalowa kuti asasanduke minda kapena modyera ziweto. Aphunzitsi, sabata ino isathe dongosolo lanu lisanapachikidwe pakhoma la ofesi, pamene mwana ndi kholo angaliwerenge.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti nyengo ya mpira wa volleyball m'sukulu za Molumbo yatsegulidwa.