Zimene Malamulo Amanena pa Nkhanza za Ophunzira Okhaokha: Mawu a Mlendo Wolemekezeka



Nkhanza zimene ophunzira amachitirana pasukulu zimadziwika ndi zinthu zitatu. Wochitayo amachita dala, amabwerezabwereza, ndipo amaposa mnzakeyo mphamvu, kaya za thupi, za msinkhu, za ndalama kapena za gulu limene lili kumbuyo kwake. Ana awiri ofanana mphamvu akagwirana m'khosi pabwalo la mpira, imeneyo ndi ndewu. Koma mnyamata wa Fomu 3 akamadzutsa wa Fomu 1 pakati pa usiku kuti amuchapire zovala, akamamulanda shuga ndi chiponde zimene amayi ake adamutumizira, namuopseza kuti akangoulula aona chomwe chidameta nkhanga mpala, imeneyo ndi nkhanza, ngakhale m'sukulu zogonera komweko ambiri amaiona ngati mwambo wolandirira alendo. Bungwe la UNESCO lidapeza mu lipoti lake la 2019 kuti padziko lonse pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu aliwonse amakhala atazunzidwapo ndi anzake m'mwezi umodzi wokha. M'chaka chomwecho mayiko adagwirizana kuti Lachinayi loyamba la Novembala likhale tsiku lolimbana ndi nkhanza za m'sukulu.

Ku Malawi malamulo okhudza nkhaniyi sali m'buku limodzi, ndipo n'chifukwa chake makolo ena amaganiza kuti kulibe. Phata lake ndi Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu ndi kuletsa kumuchitira zankhanza kapena zomunyozetsa. Gawo 25 limapatsa aliyense ufulu wa maphunziro, pamene gawo 23 limateteza ana, ndipo kuyambira 2017 limanena kuti mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Mwana amene wasiya sukulu chifukwa choopa anzake walandidwa maufulu onsewa nthawi imodzi. Zoterezi zimawagwera kwambiri ana achialubino ndi ana aulumali, amene amayamba kutchedwa mayina onyoza asanadziwe n'komwe kulemba dzina lawo lenileni.

Buku la milandu ndi zilango zake silisankha malo. Kumenya munthu ndi mlandu womwewo kaya kwachitikira kumsika kapena kuhositelo. Kumenya mpaka kuvulaza kungathe kumangitsa munthu zaka 5, ndipo kuvulaza modetsa nkhawa zaka 14. Kulanda katundu wa mnzako mokakamiza ndi umbanda, ngakhale katunduyo atakhala sopo mmodzi.

Chimene chimasintha ndi msinkhu wa wopalamulayo. Mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu. Wa zaka zoyambira 10 koma zosakwana 14 amazengedwa pokhapokha zitatsimikizika kuti ankadziwa kuti zimene akuchitazo n'zolakwika. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana komanso kuweruza milandu yawo, la 2010, lidakhazikitsa makhoti a ana, ndipo limalola kuti mlandu wocheperapo upatutsidwe usanafike pozengedwa. Mwanayo akavomera kulakwa kwake angathe kulamulidwa kupepesa, kubweza chimene adalanda, kulandira uphungu kapena kugwira ntchito yothandiza anthu a m'dera lake. Pa milandu ikuluikulu pali malo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba. Njira imeneyi ndi yanzeru, chifukwa kawirikawiri wozunza anzake wa Fomu 3 ndi yemwe uja adazunzidwa ali Fomu 1. Koma kupatutsa mlandu kumayamba nkhaniyo italembedwa ndi kufika kwa oyenera. Si kofanana ndi kuimalizira mu ofesi ya ahedi poopa kuipitsa mbiri ya sukulu, pamene mwana wovulazidwa akubwerera kukagona chipinda chimodzi ndi womuvulaza.

Atsikana ali ndi chitetezo chinanso m'lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, la 2013. Kugwira mtsikana malo osayenera, kumunena za thupi lake kapena kumuumiriza chibwenzi iye atakana ndi mlandu umene chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Lamuloli limatetezanso anyamata, ndipo limagwira wophunzira ndi mphunzitsi yemwe.

Masiku ano nkhanza siziwerukira pamodzi ndi sukulu. Chithunzi chojambulidwa mobisa kubafa chimazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook mpaka kumudzi kwa mwanayo tchuthi chisanafike. Lamulo la 2016 loona za ntchito za pakompyuta ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kuopseza munthu kapena kumutumizira zolaula kudzera pa zipangizozi, ndipo chilango chake chimafika K2,000,000 ndi zaka 5. Kholo limene lagulira mwana foni liyenera kudziwa kuti mwanayo akatumiza zonyozazo pagulu, walemba yekha umboni umene ungamutsutse.

Udindo waukulu uli pa sukulu. Kholo likasiya mwana m'manja mwa aphunzitsi, malamulo amayembekezera kuti sukuluyo imusamalira monga momwe kholo lanzeru lingachitire. Sukulu imene idauzidwa kuti mwana akuzunzidwa koma idangokhala chete, ingathe kusumiridwa kubwalo la milandu ndi kulamulidwa kulipira chipukuta misozi mwanayo akavulala. Eni sukulu zoyima pazokha ayenera kumvetsetsa zimenezi, chifukwa wolemba ntchito amayankha pa kulekerera kwa antchito ake, kaya ndi mphunzitsi woyang'anira ogonera, matroni kapena mlonda. Chikwangwani cholembedwa malamulo a sukulu sichiteteza mwini sukulu ngati palibe buku la madandaulo losonyeza tsiku limene nkhani idafika, amene adailandira ndi chimene adachitapo.

Woganiziridwa kuti wazunza mnzake alinso ndi ufulu. Gawo 43 la Malamulo Aakulu limafuna kuti chigamulo chokhudza ufulu wa munthu chikhale chachilungamo ndipo zifukwa zake ziperekedwe polemba. Choncho wophunzira asanayimitsidwe kapena kuchotsedwa sukulu ayenera kuuzidwa mlandu wake, kumvedwa, ndipo makolo ake aitanidwe. Kumukwapula si yankho. Mphunzitsi amene amathetsa nkhanza ndi chikoti amaphunzitsa ana kuti wamphamvu ndiye amamenya.

Mwana akamakana kupita kusukulu, akamabwera ndi yunifolomu yong'ambika kapena akamapempha ndalama zosadziwika ntchito yake, kholo liyambe kumufunsa modekha, kenako lidziwitse ahedi polemba kalata ndi kusunga ina yofanana nayo. Likhoza kupitanso ku komiti ya sukulu kapena ku gulu la amayi loyang'anira ana pasukulupo. Ngati mwana wavulazidwa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti pakhale lipoti la dokotala, ndipo mauthenga a pafoni asafufutidwe. Nkhani imene sukulu yalephera imapita ku ofesi ya zamaphunziro kapena ya zachisamaliro cha anthu m'bomalo, ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Banja losowa ndalama zolipira loya lingapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo mwana amene akuopa kuuza munthu wamkulu pamaso angathe kuimba yekha nambala yaulere ya 116.