Kamba wa Mumtima: Mau a Mlembi kwa Amai a ku Khuyu

 Komiti yandituma kuti pa tsiku lokumbukira gulu lathu lino ndilankhulepo za ana. Za mimba zao timakambirana kaŵirikaŵiri, za yunifolomu ndi makope timakambirananso. Lero ndifuna tikambirane za mtima wa mwana.

Nkhaniyi si yachilendo m'gulu lathu. Pamene mai Mary Sumner anaitana amai anzao ku Old Alresford, ku Mangalande, m'chaka cha 1876, cholinga chao chinali chakuti amai azithandizana kulera ana. Umodzi wa Amai unayambira pamenepo, ndipo ntchitoyo lero iri m'manja mwathu.

Ife a pachilumba tiri ndi chifukwa chathuchathu choganizira zimenezi. Mwana wa pa Likoma ndi wapaulendo. Chiyambire 1885, pamene amishoni a UMCA anakhazikika kuno natsegula sukulu, ana athu akhala akuoloka nyanja kukagwira uphunzitsi, ukalaliki ndi unamwino ku Zomba, ku Blantyre, ku Zambia, ku Zimbabwe, mpaka ku Joni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Likoma ndi Chizumulu pamodzi tinalipo anthu 14,527. Dziko lathu ndi laling'ono, ntchito nzochepa. Ambiri mwa ana amene akuseŵera pamchenga pa Khuyu lero, tsiku lina adzakwera Ilala, sitima imene yakhala ikunyamula ana a kuno kuyambira 1951.

Tsiku limenelo tidzawamangira kamba: usipa wouma, ufa wa kondowole, sopo ndi tindalama pang'ono. Kamba ameneyo amatha sabata ziŵiri zisanakwane. Koma alipo kamba wina wosatha. Ndiye kudziŵa kunena chimene chikukuŵaŵa, kuugwira mtima ukapsa, kupepesa ukalakwa, kupempha thandizo zikakuvuta, ndi kukana anzako akamakukokera koipa. Kamba ameneyu samangidwa usiku wa ulendo ai. Amayamba kumangidwa mwana ali kumbuyo. M'mera mpoyamba.

Akuluakulu anati, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mwana atha kukhala wosamba bwino, wogwada polandira chinthu, woyankha kuti "ee" pa ziri zonse, koma m'kati akudyeka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2021 kuti mwa ana 7 ali onse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, monga nkhaŵa yosatha kapena chisoni chosachoka. Ambiri a iwo palibe amene amawazindikira.

Taganizani zimene mwana wa kuno amasenza. Bambo ake apita ku usipa usiku, mwera wauka, iye wagona akumva mafunde, ndipo m'maŵa alowa m'kalasi mtima uli kunyanja. Wina makolo ake ali kumtunda pa ntchito, iye akukhala ndi agogo, foni imalira mwa apo ndi apo. Wina waika mai ake, ndipo ife pamaliro tinatonthoza akuluakulu okhaokha, iye tinamtuma kukatunga madzi. Mwana sanena kuti "ndiri ndi nkhaŵa." Amanena ndi thupi: kukodza pamphasa atasiya kale, kudwala mutu kapena m'mimba tsiku liri lonse la sukulu, ndeu, kukana nsima, kapena kungokhala duu pansi pa mlambe anzake akuseŵera. Tikaona zotere tisathamangire kunena kuti ndi mwano kapena ulesi.

Tsono tichitenji? Ndiri ndi mfundo zisanu.

Choyamba, timvetsere. Sizifuna ndalama. Poyanika usipa pathandala, posenda chinangwa, pochapa kunyanja, mwana ali pambali pathu. Tisafunse kokha kuti "wakhoza zingati?" Tifunsenso kuti "lero unaseŵera ndi yani? Chakukondweretsa nchiyani? Chakuŵaŵa nchiyani?" Akayamba kufotokoza tisamdule, tisaseke, ndipo chinsinsi chake tisakachiulule kuchitsime. Mwana ukamseka kamodzi amatseka pakamwa chaka chathunthu.

Chachiŵiri, timpatse mau otchulira za mumtima. Mwana wa zaka zitatu akamadzigwetsa pansi, sadziŵa dzina la chimene chamgwira. Timuuze kuti, "Wakwiya chifukwa mnzako wakulanda. Bwera, khala apa mpaka mtima utsike." Amene wadziŵa kunena kuti "ndakwiya" kapena "ndikuopa" safulumira kutola mwala. Izi nza anyamata omwe. Mau akuti mwamuna salira apweteka ambiri. Mnyamata woletsedwa kulira amakula nazo, nadzazitulutsira ku kachasu kapena pa mkazi wake.

Chachitatu, tilange cholakwa, tisaphe mwana ndi lilime. Kulangiza nkofunika, pakuti mwana wopanda malire ali ngati bwato lopanda nkhafi. Koma "waba, bweza, ukapepese" ndi mau ena, "ndiwe mbava, sudzaphula kanthu" ndi mau enanso. Oyambawo aongola, achiŵiriwo athyola. Ndodo ya masiku onse iphunzitsa mwana kubisa ndi kunama. Tikumbukirenso kuti ana amaphunzira ndi maso. Akaona bambo ndi mai akukambirana mpaka kumvana, nayenso adzatero ndi anzake.

Chachinai, tisawasiyire aphunzitsi okha. Pamene boma linachotsa fizi ku pulaimale m'chaka cha 1994, ana a sukulu m'Malaŵi anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, koma makalasi anadzaza. Mphunzitsi mmodzi sangaone mitima ya ana onse. Phunziro la Life Skills liripo, koma lingamere bwanji ngati kunyumba sitithirira? Tisamapite kusukulu pokhapokha mwana akalakwa. Pakagwa maliro, matenda kapena kusamvana m'banja, tikawatsine khutu aphunzitsi kuti adziŵe chimene mwanayo wasenza. Nthaŵi ziŵiri tiŵe maso kwambiri: pa Sitandade 5, pamene maphunziro amasanduka a m'Chingerezi ndipo ana ambiri amayamba kudziona ngati mbuli, ndi pa Sitandade 8, zotsatira za mayeso zikatuluka. Wosasankhidwa asasanduke nyimbo ya pamudzi. Timuuze kuti mayeso alephereka, koma iye akadali mwana wathu. Chimodzimodzi mtsikana amene watenga pathupi: boma linalola kuyambira 1993 kuti akachira abwerere kusukulu. Chimene chimamletsa kaŵirikaŵiri ndi manyazi ndi malilime athu.

Chachisanu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pano pa Khuyu timadziŵana tonse, khomo ndi khomo. Mai ali yense wa gulu lino asankhe mwana mmodzi wosakhala wake, wamasiye kapena wokhala ndi agogo okalamba, amdziŵe dzina, azimfunsa za kusukulu, kuti mwanayo adziŵe khomo lina logogoda. Ndipo mwana akatiuza kuti wina akumgwiragwira kapena kumzunza, timkhulupirire, ngakhale wotchulidwayo akhale mbale wathu. Lamulo loteteza ana la 2010 liripo, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati ali yense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sayenera kuloŵa m'banja. Nkhani yotere tipite nayo kupolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Pa foni pali nambala yaulere ya 116. Mwana amene chisoni chamkhalitsa, kapena wayamba kunena zofuna kufa, tisamsiye yekha. Tipite naye kuchipatala cha St Peter's tsiku lomwelo.

Amai anzanga, makolo athu ananyamula miyala pamutu pomanga tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela kuyambira 1903, ndipo chikadaima mpaka lero. Ntchito yathu ndi yotero: mwala umodzi pa tsiku, mau amodzi abwino, khutu limodzi lomvetsera. Ndipempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira ali yense adzabwere ndi dzina la mwana amene wamsankha, tidzalembe m'buku la gulu, kuti pasapezeke mwana wa pa Khuyu wokwera sitima wopanda kamba wa mumtima.

Mai wapampando, mau anga athera pamenepa.